Achimwene aitanidwa kukalowa ufumu, koma mtima ukukana

Kalata iyi yagona mu imelo yanga masabata atatu. Ndimaitsegula, kuiwerenga, n'kuitsekanso. Alemba ndi achimwene ena amene ali pa ntchito ku Johannesburg. Atsibweni awo, omwe anali nyakwawa, anatisiya chaka chatha, ndipo amayi a m'mbumba aloza iwo kuti ndiwo alowe dzina. Akuti anzawo a ku Eswatini amene amagwira nawo ntchito amawafotokozera za mfumu yawo, ndiye iwo sakuona chifukwa choti munthu azilamula anzake kamba ka mimba imene anabadwamo. Funso lawo ndi ili: "Kodi ufumu wa kumtundu sungothetsedwa bwanji? Nanga amayiwa ndiwayankhe chiyani?"

Achimwene, pepani pochedwa. Mwandigunda pa chilonda chomwe ndinkati chinapola.

Ine ndinakulira pakhomo la ufumu. Agogo anga, atsibweni awo a mayi, anali nyakwawa ya mudzi wathu kuchigawo chapakati, ndipo ubwana wanga wonse ndimaukumbukira ndi fungo la fodya wawo wa chingambwe ndi mpando wawo wa ndalema pansi pa kachere. Sanali munthu wolemera. Nyumba yawo inali yofolera ndi udzu ngati za anthu onse, njinga yawo inali yomangamanga ndi mphira. Koma tambala asanalire kachiwiri pakhomopo pamakhala pafika kale munthu, chipewa m'manja, atanjuta. Wina mbuzi zamudyera chimanga, wina mkamwini wathawa osatsanzika, wina mwana watsirizika usiku ndiye akuti mfumu idziwe asanayambe kulira mokweza. Agogo ankakonda kunena kuti mfumu ndi dzala, aliyense amadzatayapo zake. Ndili mwana ndinkaona ngati akudandaula. Ndinamvetsa nditakula kuti ankatiuza ntchito yawo.

Malire a minda yonse ya m'mudzimo anali m'mutu mwawo. Pakabuka mkangano sankafunsa pepala. Ankanyamula ndodo, anthu n'kumawatsata, afika pa chulu aima, aloza chitsa cha mpoza, aloza mzere wa khonje, n'kunena amene anaudzala ndi chaka chake, chaka cha dzombe kapena cha chigumula. Anthu amabwerako ali chete. Pa njala ya 2002, pomwe anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, anatsegula nkhokwe yawo n'kumagawira amasiye ndi nkhalamba mbale imodziimodzi mpaka nafenso tinayamba kugona ndi phala. Mayi anga anakwiya nawo masiku amenewo, sindibisa, chifukwa ife ana tinaonda. Koma m'mudzi mwathu maliro a njala anachepa poyerekeza ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake.

Atamwalira, amayi akuluakulu a m'mbumba anadzitsekera m'nyumba monga mwa mwambo. Kwathu ku Chichewa ufumu sugwera mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo pakati pa adzukulu ambiriwo amene amasankha ndi amayi, chifukwa ndiwo anawalera ndipo amadziwa waumbombo, wa mkwiyo, woledzera ndi womva za anzake. Anatulukamo ndi dzina la mnyamata wina wofatsa, mlimi, wosadziwa kulankhula pa gulu. Mdzukulu wina, woyendayenda m'tauni, sanagwirizane nazo. Sanakangane ndi amayiwo. Anangonyamuka ndi mbuzi ndi envulopu kupita kwa akuluakulu a pamwamba, ndipo patatha miyezi ingapo kunabwera kalata ya chidindo yonena kuti mfumu ndi iyeyo. Amayi analira ngati pagwanso maliro ena.

Zaka zitatu zisanathe dambo lathu linagulitsidwa. M'dambomo munali dimba la mayi anga, la mpiru, tomato ndi nzimbe, lomwe linkandilipirira fizi ku sekondale. Tsiku lina mayi analawirira ndi khasu ndi ndowa, anakapeza anyamata akukumba mayenje a mitengo ya waya pakati pa mabedi awo a mpiru. Anauzidwa kuti malowo agula bwana wina wa ku tauni. Anapita kukadandaula ku bwalo, ndipo kuti mlandu umveke anayenera kulipira chabwalo kwa munthu yemweyo amene anagulitsa dimbalo. Woba yemweyo, woweruza yemweyo. Anauzidwa kuti dothi ndi la mfumu, iwo ankangobwereka. Ndimakumbukirabe m'mene anafikira pakhomo madzulo ake. Sanalankhule. Anatsamiritsa khasu pa khoma, anakhala pakhonde mpaka mdima, ndipo ine teremu yotsatira sindinapite ku sukulu.

Ndiye achimwene, musaganize kuti mukulankhula ndi munthu wosirira ufumu. Kwa zaka zambiri ndinkanena zomwe mukunenazi, mwinanso moposa. Ndinkati achotsedwe onse, kuyambira nyakwawa, gulupu, mfumu ya ndodo mpaka mafumu aakulu, tizingosankha anthu pa voti basi.

Chinandibweza ndi funso lomwe mayi anandifunsa okha, patapita zaka, nditayamba kutokota za nkhaniyi. Anati, "Kodi amene anatilanda dimba uja anamulonga ndi magazi kapena chidindo?" Ndinasowa poyankha. Mwambo unali utasankha munthu wina. Amene anatilanda analowera pa khomo la boma, ndipo chomwe chinamulimbitsa mtima n'choti ankadziwa kuti amayi amene anamukana analibenso mphamvu yomuvula chisoti.

Khomo limeneli silinatsegulidwe dzulo. Atsamunda ndiwo anayamba, mu 1912 pomwe anakhazikitsa mafumu oti aziwathandiza kutolera msonkho, kenako mu 1933 pomwe anawapatsa makhoti ndi mphamvu zoyendetsa madera m'malo mwa bwanamkubwa. Kuyambira pamenepo mfumu inayamba kuyang'ana kuwiri, kwa anthu ake ndi kwa amene amailipira. Titalandira ufulu sitinatseke khomolo. Lamulo la mafumu la 1967, lomwe tikuligwiritsabe ntchito, limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza mfumu, kuikweza ndi kuichotsa. Nthawi ya Kamuzu mafumu anaikidwa m'makhoti a makolo oweruza ngakhale milandu ya imfa, kopanda loya woimira woimbidwa mlandu, ndipo ndi khoti lotere lomwe linagamula mu 1983 kuti a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anyongedwe. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Matipate atabwera mu 1994 zinangosintha malaya. Tonse timaona: chisankho chikayandikira mafumu amakwezedwa motsatizana, mswahara umakwera, ndipo pa msonkhano wa ndale gogo chalo amaimitsidwa pa nsanja kuti athokoze boma m'malo mwa anthu amene sanawafunse. Makuponi a feteleza atayamba mu 2005 midzi inaswana ngati bowa, banja lililonse kufuna mudzi wakewake ndi chidindo chakechake. Zimenezi zimandinyansa, ndipo ndikana mpaka kalekale kuti uwu ndi mwambo wa makolo. Agogo anga sakanauzindikira.

Apa ndiye ndaima tsopano, ndipo sindisunthika: vuto lalikulu si kubadwira m'banja la ufumu. Vuto ndi mfumu yomwe anthu ake sangathe kuichotsa, pomwe wandale wa ku Lilongwe angathe. Tinalanda mphamvu m'manja mwa agogo aakazi a m'mudzi n'kuipereka kwa anthu ofuna mavoti, kenako tikudabwa kuti ufumu wawola.

Komanso oyandikana nafe anayesa kale kuthetsa, tisayankhule ngati n'zachilendo. Nyerere anachotsa mphamvu za mafumu ku Tanganyika mu 1963, ndipo kumeneko zinagwira ndithu, tivomereze. Koma ku Mozambique, Frelimo itatenga boma mu 1975 inakankhira mafumu pambali ponena kuti anali zida za Apwitikizi, n'kuika alembi a chipani m'midzi. Mkwiyo wa mafumuwo ndi anthu awo Renamo inaupezerapo mwayi m'madera ambiri pa nkhondo ija, yomwe inatibweretsera abale athu othawa ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje. Pofika 2000 boma lomwelo la Frelimo linakhazikitsa lamulo lowazindikiranso. Ku Uganda, asilikali a Obote anathira nkhondo nyumba ya Kabaka (mfumu ya Abaganda) Mutesa II mu 1966, mfumuyo inathawira ku London komwe inamwalira mu 1969, maufumu anathetsedwa mu 1967, koma Abaganda sanaiwale, ndipo mu 1993 mwana wake analongedwa, ngakhale kuti ndi ufumu wa chikhalidwe chabe wopanda boma m'manja. Ukachotsa mfumu mpando sukhala wopanda munthu. Pamakhala mlembi wa chipani, ndipo ameneyo sadziwa manda a agogo ako.

Ifenso tinachotsapo mfumu, anthu amaiwala. Kuyambira pa 6 July 1964 mpaka 1966 mutu wa dziko la Malawi anali Mfumukazi Elizabeth II. Titasanduka lipabuliki palibe anagwetsa misozi, chifukwa mayiyo sanagonepo pa siwa ya munthu aliyense kuno. Yesani kuuza Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene amakhamukira ku Mkaika ku Katete mwezi wa August ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi kuti zimenezi zatha, muone.

Za Eswatini, poti munazitchula

Apa anzanuwo ndili nawo limodzi, ndipo sindizungulira. Mfumu Sobhuza II inataya malamulo oyendetsera dziko mu 1973 n'kuletsa zipani. Mwana wake Mswati III analongedwa mu 1986 ali ndi zaka 18, ndipo mpaka lero ndiye amasankha nduna yaikulu, zipani sizipikisana pa chisankho. Mu 2018 anangodzuka n'kulengeza kuti dziko lasintha dzina kuchoka pa Swaziland kukhala Eswatini. Achinyamata atachita zionetsero mu 2021 anthu ambiri anaphedwa, ndipo mu January 2023 loya womenyera ufulu Thulani Maseko anawomberedwa m'nyumba mwake banja lake likuona. Dzina la Maseko limandibaya, chifukwa Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu ndi a Maseko, anachokera komweko. Munthu mmodzi kugwira asilikali, chuma cha dziko ndi makhoti chifukwa cha bambo amene anam'bereka, popanda womufunsa, ufumu wotere uthe, kapena usiye boma m'manja mwa osankhidwa monga zilili ku Lesotho. Koma musaike nyakwawa ya kwanu m'thumba limodzi ndi zimenezo. Atsibweni anu analibe mfuti kapena ndege.

Ndipo ufumu womwewu watipatsapo anthu amene voti sikanatipatsa. Inkosi Gomani II, amene bambo ake anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka atsamunda anamuchotsa pa mpando ali wodwala. Ndipo taganizirani za mayi Theresa Kachindamoto a ku Dedza. Anali mlembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, wotsiriza kubadwa m'banja lawo, osayembekezera kalikonse, mpaka akwawo anawaitana mu 2003 monga momwe akuitanirani inumu. Anapeza atsikana a zaka 12 ali ndi ana kumbuyo. Anathetsa maukwati a ana ochuluka zedi, kubweza atsikana ku sukulu, ndi kuimitsa nyakwawa zomwe zinkalekerera. Makolo ena anawada, anawaopseza. Phungu wofuna mavoti a makolo omwewo akanabwerera m'mbuyo. Iwo sanabwerere, ndipo anthu anamvera chifukwa analankhula ndi mwini dzina, osati mlendo wa bungwe wobwera pa galimoto.

Chomwe ndingafune n'choti mtsogoleri wa dziko achotsedwe dzanja pa ufumu, mbumba ibwezeredwe mphamvu yolonga ndi yovula, ndipo mfumu isakhalenso ndi mphamvu yogulitsa dothi payokha. Lamulo la malo a makolo la 2016 linayesako pokhazikitsa makomiti a anthu osankhidwa, theka lawo amayi, gulupu ali wapampando. Mafumu ambiri analikana kwambiri, ndipo kukana kwawoko kunandiuza kuti lagunda pomwe pali ndalama. Komiti yotere ikanakhalapo nthawi ija, mwina mayi anga akanakhala ndi pokadandaula pena.

Tsono inu achimwene. Ngati mulibe maganizo obwerera kukakhala kumudzi, kanani mwaulemu, pitani nokha mukawauze amayiwo pamaso, ndipo muwathandize kuti amene angamuloze m'malo mwanu asalandidwe ndi wa envulopu. Ufumu wa pa WhatsApp, wosiyira ndodo m'bale wogwirizira, ndi umene umagulitsa madambo. Koma ngati mungabwerere, vomerani. Mukalowa, yendani malire onse ndi nkhalamba zikadali moyo, mulembe m'buku, buku lina lisungidwe ndi amayi. Mlandu wokhudza inu kapena m'bale wanu musaweruze nokha. Ndipo pa tsiku lokulongani muwauze amayiwo pa gulu kuti tsiku lomwe adzaone kuti mwapotoka adzakuvuleni, ndipo simudzathamangira ku boma.

Mundilembere mukabwerako. Mayi anga ndawawerengera kalata yanu pa foni, ndipo afunsa kuti kwanuko dambo likadalipo.