Musanathire soda m'chimbudzimo, vundukulani kaye manhole

Mayi a ku Senga Bay, mwati chimbudzi chanu chogejemula chatsekeka, madzi akumadzaza mpaka m'milomo n'kumatsika pang'onopang'ono, Jik ndi madzi owira sizinathandize, ndiye aneba akuti mugule caustic soda. Sodayo musathamangire. Muyenera kudziwa kaye pamene patsekeka.

Pitani kuseri kwa nyumba, pomwe paipi ya chimbudzi yatulukira. Nyumba zambiri zimakhala ndi manhole pamenepo, kabokosi ka simenti kovundikira. Vundukulani, wina athire ndowa ya madzi m'chimbudzi inu mukuyang'ana. Mukaona muli mouma, kapena madzi akungobwera modontha, ndiye kuti chotsekacho chili mkati, makamaka pokhota penipeni pansi pa chimbudzi. Imeneyi mutha kuigwira nokha.

Valani magolovesi, tungani madzi ena kuti atsale ongokwanira kumiza mphira wa plunger, chipangizo cha ndodo chokhala ndi mphira wonga kapu kunsonga, chotsegulira zimbudzi zotsekeka. Thirani theka la kapu ya sopo wamadzi wotsukira mbale ndi madzi otentha, koma osati owira, chifukwa owira amatha kung'alula chimbudzi. Dikirani mphindi 20. Plunger itseke bowo lonse, ndipo ikhale yomira, chifukwa chokankha zinyalalazo ndi madzi, osati mpweya. Yambani modekha, kenaka mwamphamvu, kukankha ndi kukoka. Ambiri amangokankha, pomwe kukokako ndi kumene kumagwedeza chinthu chokakamira. Ngati plunger mulibe, mangani jumbo wolimba kumutu kwa mopu, amagwira ntchito yomweyo. Zikakanika, lowetsani waya wokutidwa nsalu kunsonga, mukowe chimene chilimo n'kuchitulutsa. Thewera la mwana, padi, nyuzipepala kapena chitsononkho, soda sasungunula. Sodayo amangokhala m'madzimo kudikira kukuwotchani manja kapena maso mukamagwiritsa ntchito plunger. Ndipo poti mwathira kale Jik, chonde musawonjezere mankhwala ena otsukira chimbudzi a asidi, zikasakanikirana zimatulutsa mpweya woopsa m'kachipinda kakang'ono ngati kameneko.

Koma mukapeza manhole atadzaza, vuto lili kutsogolo, ndipo m'nyumba mungolimbana namo pachabe. Mwina paipi yopita ku septic tank, thanki yapansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi, yatsekeka ndi mchenga kapena mizu ya mtengo, zomwe pulambala amatsegula ndi ndodo zake zolumikiza, kulowera pa manhole pomwepo. Mwinanso thanki yadzaza. Kunyanja kuno madzi apansi panthaka ali pafupi, ndiye mvula ikalimba cha mu January ndi February, soakaway, dzenje lomwe limamwetsa m'nthaka madzi ochokera mu thanki, imaleka kumwa madzi ndipo zonse zimabwerera kunyumba. Apo pafunika galimoto yopopa. Musalole wina kuboola thanki kuti zitayikire pabwalo kapena mu ngalande. Kolera ya 2022 ndi 2023 ife a ku Salima tinaiona ndi maso, ndipo ana amasewera mumchenga momwemo.

Chikatseguka, yang'aniraninso kagejemulidwe. Mipopi ikauma timakonda kuthira kachigubu kamodzi posunga madzi, zinyalala n'kumaima pakati pa paipi mpaka kuuma. Thirani ndowa yodzaza nthawi imodzi, mokweza, ngakhale madzi ochapira zovala. Pambali pa chimbudzi ikanipo kabini kokhala ndi chivundikiro, kuti matewera ndi mapadi azipita mmenemo.