Spitfire Mk.I ya 1/48: guluu, penti, ma decal ndi kajambulidwe kake

Achimwene, mwati mwagula kandege kapulasitiki kolumikiza nokha ka Spitfire Mk.I, ndege ya nkhondo ya ku Britain, ka kampani ya Tamiya, ka sikelo ya 1/48, ndipo simukufuna zichitikenso zomwe zinachitika pa kandege kanu koyamba: galasi linachita chifunga, ma decal, zizindikiro ndi zilembo zomata zija, anayera m'mphepete, ndipo mutakajambula kanangooneka chidole. Onse atatuwo ndi mavuto otheka kuwapewa. Koma lachitatulo musaliyang'ane ku kamera kokha. Kamera imakuza chilichonse, moti msoko umene diso laulekerera patebulo umadzaonekera poyera pa sikirini. Ntchito yambiri ya chithunzi chabwino imagwiridwa penti asanatsekulidwe n'komwe.

Musanadule kachidutswa kalikonse, sankhani ndege imodzi ndi mwezi umodzi, ndipo pezani chithunzi chake chenicheni. Chifukwa chake n'chakuti mu 1940 mokha maonekedwe a Spitfire anasintha kangapo. Pamwamba panali Dark Green ndi Dark Earth chaka chonsecho, koma kunsi kunkasinthasintha. Mpaka kumayambiriro kwa June, phiko lakumanzere linali lakuda, lakumanja loyera. Kenako kunsi konse kunapakidwa mtundu wotchedwa Sky, wobiriwira motuwa, ndipo kwa milungu ingapo kunsi kwa mapiko kunalibe zizindikiro zozungulira za ndege za nkhondo za Britain mpaka zinabwerera mu August. Kumapeto kwa November anawonjezera lamba wa Sky patsogolo pa mchira, n'kupakanso Sky pa chipewa cha propela. Mitundu yotuwa ija, Ocean Grey ndi Medium Sea Grey, inabwera mu August 1941, choncho ngati mukupanga ndege ya Battle of Britain, nkhondo ya m'mlengalenga ya mu 1940, isiyeni m'botolo. Mapangidwe a mabanga analinso awiri, A ndi B, ena otembenuza anzake, ndiye tsimikizani amene ndege yanu inali nawo. Ngati mukugwiritsa ntchito penti wa Tamiya, manambala ndi XF-81 wobiriwira, XF-52 wa dothi, XF-21 wa Sky ndi XF-71 wa mkati mokhala woyendetsa. Kwa Humbrol ndi 30, 29, 90 ndi 78.

Mkati ndi momwe mumayambira, poti mukatseka thupi la ndege simudzafikamonso. Pakani XF-71, bolodi la mawotchi likhale lakuda, ndipo malamba a mpando, amene mu kit imeneyi ndi a chitsulo chopyapyala, apindeni asanapakidwe kuti penti asasweke. Musatayepo sabata yonse ngati galasi mudzalitseka, zambiri sizidzaoneka.

Tsopano guluu. Tamiya Extra Thin simamatira ngati ulimbo, imasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti zigwirane. Motero paliponse pamene penti wadutsa pa malo olumikizira, mpaleni ndi lezala, apo ayi msoko udzatseguka mukadzagwira kandege mwamphamvu. Gwirizanitsani zidutswa zouma kaye, muone ngati zikukhala bwino. Zikakhala, gwirani pamodzi, khudzani msoko ndi kaburashi, guluu ayenda yekha. Chala chikhale kutali, chifukwa guluu amathamangira pansi pa chala n'kusiya chidindo chake mu pulasitiki. Dikirani masekondi 10, finyani pang'ono mpaka kamzere ka pulasitiki yosungunuka katuluke, ndiye musiye tsiku lathunthu. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mukapala msoko tsiku lomwelo umaoneka wosalala, koma mkati guluu akadali kuuma, ndipo pakapita milungu iwiri msoko umalowa pansi n'kuonekera pansi pa penti amene mwamaliza kale. Putty, phala lotsekera mipata, naye amalowa pansi chimodzimodzi, choncho ikani wochepa, mumpatse nthawi. Palani ndi sandipepa ya 400, kenako 600, kenako 1000, yonyowetsa. Pamwamba pa injini pakhale posalala kotheratu, poti chivundikiro cha pamenepo pa ndege yeniyeni chinalibe mzere pakati. Mizere ya mapanelo imene yafufutika ijambuleninso ndi nsonga ya singano motsatira tepi yolimba.

Mukamata mapiko, yang'anani kandege kuchokera kutsogolo. Mapiko a Spitfire amakwera ndi madigiri 6, ndipo pa 1/48 kuchokera nsonga kufika nsonga ndi masentimita pafupifupi 23.4, poti yeniyeni inali mamita 11.23. Ikani kandege patebulo, yezani ndi rula kutalika kwa nsonga iliyonse kuchokera pansi. Zikasiyana ndi mamilimita awiri okha, chithunzi cha kutsogolo chidzaulula.

Za chifunga cha galasi, wolakwa ndi superglue. Akamauma amatulutsa nthunzi imene imakhazikika pa galasi, makamaka pomwe pali mafuta a zala, n'kuyera. Matani galasi ndi guluu woyera wa matabwa, amene akalipentala amagwiritsa ntchito: mumadontheza ndi kotokosera m'mano, wotsala mumapukuta ndi kathonje konyowa, ndipo akauma saoneka. Podula galasi pa chimango chake, dulani patali kaye kenako muzichepetsa pang'onopang'ono, chifukwa pulasitiki yoonekera mkati ndi yophweka kusweka ndipo mng'alu woyera sukonzeka. Tepi yotchingira galasi imabwera m'bokosi momwemo, koma muyenera kuidula nokha, ndiye ikani lezala watsopano. Mukatchinga, yambani kupaka mtundu wa mkati pa mafelemu, kenako wa kunja pamwamba pake. Mukasuzumira mkati mudzaona wobiriwira woyenera.

Tsukani kandege ndi madzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, kaume, kenako thirani primer, penti woyambira, yotuwa mopyapyala. Primer ndiyo imakuuzani zoona. Unikani ndi tochi kuchokera m'mbali, konzani zonse zimene zaoneka, thiraninso. Musapitirire msoko ukuonekabe.

Ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mphepo, ya nsonga ya 0.3 mm, sakanizani gawo limodzi la penti ndi gawo limodzi kapena awiri a thinner ya X-20A, mphepo ikhale pa 15 mpaka 18 psi, dzanja masentimita 5 mpaka 8 kuchokera pa kandege. Yambani ndi Sky, tchingani, bwerani ndi Dark Earth, malizani ndi Dark Green. Nyengo imalowererapo kwambiri. Kutentha kwa October penti amauma ali m'malere n'kugwera pa kandege ngati mchenga, makamaka pomwe phiko limakumana ndi thupi. Thirani m'mamawa, yandikirani, ndipo onjezerani kadontho ka retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma kwa penti. M'dzinja vanishi amatha kuyera chifukwa cha chinyezi, ndiye dikirani tsiku louma. Mukangomaliza kuthira, vundikirani kandege ndi beseni loyera kuti fumbi lisakhalepo.

Ngati mulibe airbrush, burashi imagwira ntchito, koma musinthe penti. Wa Tamiya ndi wovuta ndi burashi poti ulendo wachiwiri umanyamula woyamba. Tengani Vallejo Model Color kapena Humbrol enamel, burashi yaphwatalala yofewa, penti wosungunula bwino, maulendo atatu kapena anayi. Ulendo woyamba umaoneka wonyansa, wa mikwingwirima. Musayese kuukonza uli wonyowa. Enamel mpatseni maola osachepera 6 musanabwereze. Penti wa sipulei wa ku hadiweya, wa mageti ndi magalimoto, amatha kudya pulasitiki n'kuikwinya, choncho yesani pa chimango chotsala musanayandikize kandege.

Malire a wobiriwira ndi wa dothi akhale akuthwa ndithu. Werengani nokha: ngakhale penti atafalikira masentimita 2.5 pa ndege yeniyeni, pa 1/48 ndi theka la milimita basi. Pindani Prestik kapena Blu Tack kukhala timizere tonenepa mamilimita 3, tsatirani mabanga, tsekani pakati ndi tepi, ndipo thirani molunjika kuchokera pamwamba. Mukapendeketsa airbrush, penti amalowa pansi pa Prestik mbali ina, mbali ina n'kusiya mpata. Chotsani tsiku lomwelo chifukwa imasiya mafuta.

Kuyera kwa ma decal ndi mpweya. Penti wosawala ukamuyang'ana pafupi ndi wa mabampu, ndipo decal ikakhala pamwamba pake imatsekera timpweya timene timanyezimira. Thirani vanishi wowala, monga X-22, maulendo awiri, aume maola 24. Viikani decal m'madzi ofunda masekondi 10, iikeni pa tishu mpaka iyambe kuterera yokha, musaikakamize. Nyowetsani malo ake ndi mankhwala othandiza decal kumata, monga Micro Set kapena Mark Fit, itsetserezeni, kanikizani ndi kathonje kuchokera pakati kupita kunja. Ma decal a Tamiya ndi okhuthalako, ndiye pamafunika Micro Sol, mankhwala owafewetsa, pamwamba kuti alowe m'mizere. Akayamba kukwinyika musawakhudze, amadzawongoka okha akauma. Pa zilembo zikuluzikulu za m'mbali dulani kansalu koonekera mkati kozungulira chilembo, poti m'pamene kuyera kumakonda. Pakayerabe, bowolani ndi singano, donthezaninso Micro Sol. Mukamaliza thiraninso vanishi wowala.

Pokalambitsa kandege, dzanja likhale lopepuka. Ma Spitfire ambiri a 1940 anali atsopano, ena sanathe ndi miyezi ingapo yomwe, choncho kandege kosupukasupuka konse n'kabodza. Sungunulani penti wa mafuta wa ojambula, burnt umber ndi kakuda pang'ono, mu white spirit mpaka akhale madzimadzi, khudzani mizere, dikirani mphindi 15, pukutani ndi kansalu molowera kumchira. Pansi pake payenera kukhala vanishi wa acrylic. Ngati munapaka enamel osatchinga, white spirit adzamusungunula. Zosupuka jambulani ndi pensulo ya siliva pa tsinde la phiko lakumanzere pomwe woyendetsa ankakwerera, poti chitseko chili mbali imeneyo, komanso pa zomangira chivundikiro cha injini ndi pa zitseko za mfuti. Pa ziwongolero za kumchira ndi za kumapiko za Mk.I, zomwe ndi rudder, ma elevator ndi ma aileron, musaikepo siliva, chifukwa zinali zokutidwa ndi nsalu. Kumene mungatayirire ndi kunsi: injini ya Merlin inkadontha oilo, ndipo mizere yake inkayenda kuchokera kuseri kwa injini kulowera kumchira. Utsi wa ekizozi ukhale wotuwa mofiirira, wopindika motsata msana wa phiko. Choko cha pastel chopala ndi chokwanira. Mabowo a mfuti 8 za m'mapiko ankamatidwa tinsalu tofiira ndege isananyamuke, ndiye sankhani chimodzi: tinsalu tathunthu, kapena tobowoka tokhala ndi mwaye pang'ono kumbuyo. Nsonga zachikasu za propela zinali mainchesi 4, omwe ndi mamilimita 2 pa sikelo yanu, ambiri amazikulitsa. Waya wa wailesi muuike pokhapokha ngati ukuoneka pa chithunzi cha ndege yanu, poti zimene zinalandira wailesi ya VHF zinalibe. Vanishi womaliza asakhale wakufa kotheratu. Sakanizani XF-86 ndi X-22 pang'ono kuti pakhale kuwala kochepa, kenako chotsani tepi ya pagalasi mutadutsa lezala m'mphepete.

Pojambula, chimene chimachititsa kandege kuoneka chidole n'kujambula mutaimirira, kamera ikuyang'ana pansi. Palibe amaona ndege yoima pabwalo kuchokera kumwamba. Diso la munthu woimirira lili pa mamita 1.7, ndipo mukagawa ndi 48 mupeza masentimita 3.5. Lenzi ikhale pamenepo. Ndi foni n'zosavuta: itembenuzeni dodolido kuti lenzi ikhale pafupi ndi tebulo, itsamizeni pa mabuku. Mtunda wa masentimita 30 mpaka 40 ukufanana ndi kuima mamita pafupifupi 14 mpaka 19 kuchokera pa ndege yeniyeni, ndipo m'pamene kandege kamaoneka kakakulu. Mukayandikira kuposa apo mphuno imatupa, mchira n'kuchepa. Zimitsani flash ndi portrait mode. Yachiwiriyi imafufuta propela ndi mlongoti wa wailesi.

Chinanso ndi kuoneka bwino kwa kandege konse. Chithunzi chimene mphuno yokha ikuoneka bwino, mchira uli mbuu, chimauza diso nthawi yomweyo kuti chinthucho n'chaching'ono. Foni imathandiza pamenepa chifukwa sensa yake ndi yaing'ono. Pa kamera yaikulu ikani bowo la lenzi pa f/11 mpaka f/16, ISO 100, kamera pa tripod, timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze, ndipo lunjikani pa galasi lakutsogolo la woyendetsa. Mukapitirira f/16 chithunzi chonse chimayamba kufewa. Ngati mchira sukuonekabe, bwererani m'mbuyo n'kudzadula chithunzi pambuyo pake, kapena jambulani zithunzi 8 mpaka 10 mukusuntha focus kuchokera kumphuno kupita kumchira, kamera osaisuntha, n'kuziphatikiza ndi pulogalamu monga Helicon Focus.

Kuwala kwabwino kosalipira ndi kwa pakhonde pamthunzi, kapena pafupi ndi zenera lomwe dzuwa silikulowa mwachindunji. Mbali inayo imikani pepala loyera kuti libweze kuwala kunsi kwa phiko. Ngati n'usiku, mababu awiri a LED a mtundu umodzi, aliyense ndi pepala lopyapyala patsogolo pake, ndipo getsi la m'chipinda muzimitse, apo ayi Sky adzaoneka wachikasu mbali ina, wabuluu mbali ina. Kumbuyo ikani pepala la manila lotuwa kapena labuluu wotuwa, lopindika kuchokera patebulo kukwera khoma kuti pasaoneke ngodya. Pepala loyera limapusitsa kamera n'kudetsa kandege, choncho ngati ndi lokhalo muli nalo, kwezani exposure, kuwala kwa chithunzi, ndi +1. Musanadine, pitani ndi burashi yofewa youma pa mapiko ndi pagalasi, ndipo tembenuzani propela kuti tsamba lake lisatchinge galasi la woyendetsa.