Mmbulu ukadumpha malire a Yellowstone ndi wa ndani?

Achimwene mwafunsa kuti zimatheka bwanji mimbulu yomwe ikutetezedwa mu Yellowstone, paki ya nyama ya ku America, ikangotuluka mpaki alenje nkuiwombera osamangidwa, nanga mwini wake ndani. Poyamba tisasokoneze, iyi si mimbulu yathu ija anabweretsa ku Liwonde ndi Majete mu 2021, iyi ndi ma wolf a ku America, ikuluikulu ya kozizira.

Ku America nyama yakutchire si ya mwini munda olo itagona pakhomo pake. Khoti lalikulu pa mlandu wa Geer v. Connecticut mu 1896 linati boma la state (chigawo cha dzikolo chokhala ndi boma lakelake) limangosunga nyamazo mmalo mwa anthu onse. Pamapepala zili bhobho. Vuto ndi loti anthu onsewo akamakambirana mawu amene amamveka ndi a ndani.

Mimbulu ya mu Yellowstone anaitha kuipha pofika 1926, boma lomwelo ndi lomwe linkapha. Mu 1995 ndi 1996 anakatenga 31 ku Canada nkuibwezera. Lero anthu amadzuka mbandakucha kukaima mmbali mwa msewu ku Lamar Valley, chisanu chili thoo, ndi ma kamera awo kudikira kuti aone gulu likutsika phiri. Panali waukazi wina nambala yake 832F, alendo ankamudziwa ngati m'bale wawo, anali ndi kolala ya ofufuza pakhosi. Mu December 2012 anatuluka mpaki kulowa dera la Wyoming, mlenje anamuwombera ndipo sanalakwe lamulo lililonse. Zinandipweteka ine nditamva nkhaniyi, mpaka pano.

Chifukwa chake nchakuti mkati mwa paki mumalamula boma la federal, la dziko lonse, koma kunja ndi ma state. Lamulo la Endangered Species Act, loteteza nyama zimene zatsala pang'ono kutha, linkaiteteza mimbuluyi kuyambira 1974, kenako mu 2011 aphungu a Congress anaichotsa pa mndandanda ku Montana ndi Idaho, ma state oyandikana ndi pakiyo, ndipo anangozilowetsa mu bilu ya bajeti osati kudzera kwa akatswiri a nyama. Ndiye ma dipatimenti a nyama a ma state ndalama zawo zambiri zimachokera ku ma laisensi a ulenje ndi msonkho wa mfuti ndi zipolopolo wa lamulo la Pittman-Robertson la 1937. Wodyetsa ndi amene amamveredwa, eti. Alenje amadandaula kuti mimbulu ikuwathera ma elk, mbawala zikuluzikulu zimene iwo amasaka, ndiye mu 2021 Idaho ndi Montana anafewetsa malamulo opha, dzinja lotsatiralo mimbulu 25 ya mu Yellowstone inaphedwa kunja kwa malire.

Koma alimi a ng'ombe sindingawanyoze ayi. Munthu wadzuka mmawa wapeza thole lake lang'ambidwa mimba, ena ali mtauni akungosangalala ndi zithunzi pa Facebook, ululu wake timaudziwa ife amene fisi anatilowerapo mkhola. Ngati nyamayo ndi ya onse ndiye chipukuta misozi chituluke mthumba la onse, mwachangu, osati mlimi azichita kupemphetsa. Ndipo amene sagwira mfuti naye apatsidwe mpando pomwe akugamula kuti mimbulu iphedwe ingati chaka chino.

State ya Colorado anayesa kufunsa anthu onse ngati abweretse mimbulu kwawo, anavota mu 2020, ofuna mimbulu anawina ndi kachingwe pafupifupi 51 peresenti, ambiri a mmatauni ngati Denver. Mu December 2023 anamasula 10 yochokera ku Oregon, koma anaimasulira kumadzulo kwa mapiri kumene kuli alimi omwe ambiri anavota kukana, ndipo pasanathe miyezi isanu ng'ombe zinayamba kugwidwa ku Grand County.