Kwa achemwali, za mphwanga ndi kusambira kwa chule

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kugombe ndiye foni inali m'thumba la kabudula wina. Uthenga wanu ndaumva. Mwati mphwanga uja akufuna kusambira kwa chule, kumene pampikisano amati breaststroke, koma akangoyenda pang'ono watopa, madzi wamwa, ndiye mukufunsa ngati ndi chifuwa chavuta kapena mungomuletsa. Ayi, musamuletse. Mwana wokulira ku Mangochi kuno, nyanja uku, Shire uku, Malombe uko, ayenera kudziwa madzi. Chifuwa ngati mukuchikayikira kamuyezetseni, koma ine ndinamuona Khirisimasi ija akusambira. Vuto lake ndi phuma.

Amaponya manja ndi miyendo nthawi imodzi, mutu uli njoo m'mwamba ngati galu akuwoloka mtsinje. Mutu ukakhala choncho chiuno chimamira, munthu umakhala ngati waima m'madzi, mphamvu zonse zikuthera pamalo amodzi.

Ndiye mumumvetsere izi, kapena mumupatse foniyo amve yekha. Zinthu zake ndi zinayi ndipo zimatsatana: palasa, puma, ponda, dikira. Chovuta kwa anyamata ndi chomalizacho. Ukaponda madzi, manja atambasuke kutsogolo, miyendo igundane kumbuyo, nkhope m'madzi, thupi likhale mowongoka ngati bwato lomwe alikankha kuchoka pamchenga. Uwerenge mumtima, wani, thuu, kenako upalasenso. Pamenepo ndi pamene umayenda, ndi pomwenso umapumulira. Iyeyo mpata umenewu amaudumpha, n'chifukwa chake akutopa.

Miyendo ndiyo injini, achemwali, manja amangothandizira. Ayambire kumtunda, pakhonde pomwepo. Agone chafufumimba pabenchi, miyendo ili lende. Akoke zidendene kubwera kumatako, osati mawondo kubwera kumimba ayi. Akatero atembenuze mapazi, zala ziloze kunja, uku ndi uku, ngati mmene amaimira bakha. Ndiye akankhe mozungulira mpaka mapazi akumane, phaa. Mawondo asatalikirane kwambiri, angopitirira chiuno pang'ono basi. Inuyo mugwire mapazi akewo ndi manja, mumve ngati akukukankhani ndi m'kati mwa phazi. Akamakankha zala zitaloza kumbuyo, ndiye kuti akungobaya madzi, sapita kulikonse. Ine ndinasambira zaka zambiri mwendo wina ukupita pansi wina m'mwamba ngati sizasi, mpaka bondo lakumanzere linayamba kundiwawa m'kati umu. Anandikonza ndi mkulu wina amene ndinkagwira naye ntchito yoyang'anira alendo posambira cha ku Nkopola. Anandigwira mapazi chomwechi, tsiku limodzi lokha ndinamva kusiyana. Mphwangayo akamva bondo kuwawa asiye kaye, asakakamize.

Manja ndi nkhani yaifupi. Asapalase mpaka m'chiuno. Atsegule kupitirira mapewa pang'ono, zigongono zili m'mwamba, akokere m'kati ngati akukokolola nsima mumphika waukulu, zikhatho zikumane pansi pa chibwano, n'kuponya kutsogolo. Pamene manja akubwera m'katimo mapewa amadzuka okha, apume pamenepo ndi pakamwa. Mpweya azitulutsira m'madzi, thovu lizioneka bwibwibwi. Akaugwira mpweya, podzuka amafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, ndiye madzi aja amamwera pamenepo. Zimenezi angayesere ngakhale m'beseni kunyumba.

Ngati muli ndi bandulo, mumutsegulire YouTube aone Tatjana Schoenmaker wa ku South Africa, amene pano ndi Tatjana Smith. Ku Tokyo mu 2021 anatenga golide pa mamita 200, mphindi 2 ndi masekondi 18.95, n'kuphwanya rekodi ya dziko lonse. Asayang'ane liwiro lake, ayang'ane mmene thupi limawongokera akangoponda. Ngakhale munthu wothamangira golide amadikira. Komanso ngati mtima wake uli pampikisano, adziwiretu kuti pofika kukhoma amagwira ndi manja onse awiri nthawi imodzi, dzanja limodzi amakuchotsa.

Tsopano apa ndiye ndikupempheni, mumve bwino. Mu Shire asakaphunziriremo, kaya pansi pa buliji ya Bakili Muluzi, kaya anzake anena kuti amasambirapo tsiku lililonse. Madzi ake amakoka, ng'ona zilimo, mvuu zilimo. Pamabango paliponse ayi. Apeze pamchenga poyera, madzi ofika m'chifuwa, azisambira motsata gombe, osati kulowera kwakuya, ndipo pakhale wamkulu wodziwa madzi amene maso ake ali pa iye, osati pafoni. M'mamawa nyanja ikadali bata ndiye nthawi yake. Mwera ukayamba, makamaka miyezi yozizira ino ya June ndi July, atuluke. Chigubu chopanda kanthu chotseka bwino angachigwire kutsogolo poyeserera miyendo, koma chimenecho si chopulumutsira munthu, chimapulumuka m'manja.

China ndi likodzo. Anthu amaganiza kuti nkhono zake zili m'mabango mokha, koma ngakhale pamchenga limagwira. Mukaona magazi pokodza, kapena akudandaula kuwawa pokodza, msanga kuchipatala, mankhwala ake alipo, praziquantel. Kusukulu akamagawa mankhwalawo asathawe.

Loweruka lino ndili ndi mpata. Mumukweze minibasi yoyambirira, atsikire pamsika paja, ndidzamudikira 6 koloko. Abwere ndi kabudula wopepuka, osati jinzi yodula ija, ndipo adye pang'ono chabe. Tsiku loyamba tidzangochita miyendo yokha, mumuuziretu asadzakhumudwe. Moni kwa alamu.