Liwu loti hard linatsala pang'ono kundithera mpamba

Achemwali mwafunsa kuti geni yooda katundu ku Joni imayenda bwanji, komanso ngati Chizungu chanu cha Folomu 2 chikwanire. Chikwanira, ine ndinayamba ndi chochepera pamenepo koma lero ana anga onse atatu aphunzira ndi ndalama ya mabulangete ndi nsapato. Koma pali liwu limodzi muliphunzire musanakwere basi pa Wenela, liwu loti hard. Kusukulu anatiuza kuti ndi chinthu cholimba ngati mwala kapena chovuta ngati samu, basi. Pa msewu silitanthauza zimenezo zokha ayi.

Mukalowa mu Dragon City kapena mashopu a mu Small Street mwini shopu akakuuzani kuti hard cash, sakunena makobidi achitsulo, akunena ndalama ya m'manja, ma rand owerenga pompo, osati za khadi kapena zoti nditumiza mawa. Ndipo mukanenerera mtengo mpaka iye n'kupukusa mutu kuti you drive a hard bargain musachite manyazi, kumeneko n'kukuyamikirani kuti simudyeka. Ine amandiuza zimenezo pafupifupi ulendo uliwonse, pali Mchaina wina akangondiona amayamba watsitsa yekha ndisanatsegule pakamwa.

Koma lomwe linandipweteka ndi hard copy, mpaka lero ndikalimva mtima umagunda.

Munali mu Novembala 2023, ndinaoda katundu wa Khrisimasi, mpamba wanga wonse kuphatikiza ngongole ya ku banki nkhonde, zikwama zazikulu zija zisanu ndi chimodzi mu thilela ya basi. Tadutsa Beitbridge bwinobwino, Harare, Nyamapanda, Mozambique yonse, kufika pa boda ya kwathu (sinditchula kuti iti, eni ake akudzidziwa) ndili wotopa miyendo itatupa, masiku awiri osagona pa bedi. Malisiti anga onse anali mu foni, wa shopu ananditumizira pa WhatsApp poti makina ake osindikizira anali atafa. Ndapereka foni kwa bwana wa msonkho uja, iye osaiyang'ana n'komwe, akungoti madam I need a hard copy. Munthu wa Chichewa ngati ine ndi inu, ndinamumva akuseka ndi mnzake m'Chichewa chenicheni, koma kwa ine Chizungu chokhachokha. Ndabwereza kumuonetsa, iye hard copy, hard copy. Ine mumtima ndinamva kuti akuti nkhani yanga ndi yovuta, ndipo pa boda munthu akati zavuta tonse timadziwa chomwe chimatsatira, ndiye ndinapinda ka ndalama n'kuika mu pasipoti. Mayo ine. Anaimirira n'kukuwa anthu onse akumva kuti ndikufuna kumuhonga, katundu wanga yense atsitsidwe.

Chonsecho ankafuna pepala. Pepala basi, lisiti losindikizidwa loti aligwire m'manja, ndiye hard copy imeneyo, ya mu foni amaitcha soft copy. Akanangonena kuti mayi pitani mukasindikize paja, mphindi khumi zikanakwana, panali kashopu ka fotokope pompo. Ndalama ija ndinalakwa kuipereka, sindikana, koma amene uja ankaona kuti sindikumva ndipo anasankha kuti ndisamve.

Basi siidikira munthu mmodzi, inapita. Ndinagona pa khonde ndi chitenje, m'mawa akuti bwana wamkulu kulibe, mawa lake akuti mitengo ya pa lisiti ndi yotsika kwambiri ayika yawo. Ndili pa mzere umenewo ndi pomwe ndinaphunzira liwu lachiwiri, hard currency, ndalama zomwe sizigwa chisawawa ngati dola kapena paundi. Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Msonkho amawerengera mtengo wa katundu wa kunja n'kuusintha kupita mu kwacha pa reti ya tsikulo, ndiye katundu yemweyo, zikwama zomwezo, ndalama yomwe ndinasunga ya msonkho sinafike ndi pafupi pomwe, kuonjezera chindapusa ndi ya malo osungira. Anzanga amene ndinakwera nawo basi imodzi analipira pa reti yakale n'kukagulitsa pa mitengo yatsopano, ine ndinagulitsa firiji ndi kukatenga katapila kuti katundu atuluke. Tsiku lotulutsa, bwana uja akudinda pepala anandiyang'ana n'kuti hard luck madam, no hard feelings. Ndinakafunsa mwana wanga kunyumba, akuti tanthauzo lake pepani mwachita tsoka, tisasungirane mangawa. Tsoka lake liti poti analipanga ndi iyeyo? Mangawa ndinasunga ndipo ndikusungabe.

Zinanditengera chaka kuti ndibwerere pomwe ndinali, koma sindinasiye, ena amene anandiseka nthawi ija lero amabwera kudzapikula kwa ine.

Ndiye za geni mwafunsazo, kaya ndinene chani. Kwacha musaigoneke, mukagulitsa odaninso msanga. South Africa siili mu COMESA, bungwe la mayiko ochita malonda pamodzi lomwe muli Malawi ndi Zambia, ndiye zopepuka za msonkho zija mumamva kwa anzathu a ku Chipata musaziyembekezere. Wa mafoni akakuuzani kuti hardly used musathawe, sakuti yagwira ntchito kwambiri, akuti yangogwirako pang'ono, ngakhale theka la iwo ndi abodza, yatsani muone nokha batire. Wina akakuuzani kuti bwana uyo will give you a hard time ndiye kuti akuzunzani, sinthani mzere ngati n'kotheka. Ndipo malisiti sindikizani ku Joni komweko musanafike pa Park Station pokwerera basi, awiriawiri, ena m'chikwama cha m'manja ena pathupi. Ine pano ndimayenda ndi faelo ya pulasitiki, ndikafika pa windo ndimaiika ndisanapereke moni, ndipo akayamba Chizungu ndimayankha m'Chichewa mokweza kuti bwana nenani bwinobwino chomwe mukufuna, anthu onse pa mzere amve.