Yankho kwa msuweni pa za Mapanje

Eya, msuweni, funso lako ndaliona. Ndiyankha ndi pakamwa, kulemba kundichedwetsa. Ukuti Jack Mapanje, wolemba ndakatulo uja, analemba mabuku angati, ndipo loyamba analitulutsa ali ndi zaka zingati. Hmm. Iweyo unayamba liti kuwerengera anthu zaka? Kope lobiriwira la ndakatulo zako lija unkabisa kunsi kwa matiresi kwa agogo, umayesa sitinkaliona?

Chabwino. Loyamba ndi Of Chameleons and Gods, 1981. Kenako The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, 1993. Pali Skipping Without Ropes, pali Beasts of Nalunga, pali... ayi, dikira kaye. Ukudziwa kuti loyambalo linalipo m'banja mwathu muno?

Amalume a ku Domasi, abambo ako aakulu. Nthawi imeneyo akadali pa uphunzitsi, asanayambe zokonza njinga zija. Analigula lisanasowe, paja pofika 1985 boma linali litalichotsa m'masukulu ndi m'mashopu. Ndiye iwo analiveka chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi, n'kuliika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho m'nkhokwe. M'nkhokwe, wamva? Akazi awo akutapa chimanga tsiku ndi tsiku osadziwa kuti pansi pali chiyani.

Tsono mu September 1987 kunamveka kuti Mapanje amugwira ku Gymkhana Club ku Zomba. Domasi ndi Zomba mpafupi, mbiri inafika tsiku lomwelo... kaya mawa lake, koma inafika msanga. Amalume tulo osabwera. Pakati pa usiku anatenga chitini ndi khasu, ulendo wa kudimba kuti akakwirire. Dzenje anakumba ndithu. Koma akuti mtima unakana. Anakhala pamzere wa mpiru, n'kuyatsa tochi, kuwerenga mpaka tambala woyamba, n'kubwerera nacho chitini chawo. Amayi atamva anawakalipira koopsa, amvekere achimwene mufuna mutiphetse tonse chifukwa cha munthu woti simunadyepo naye nsima? Iwo anangoti nyimbo sakwirira. Basi, n'kupita kukasamba. Amalume ajatu, eee.

Komatu amayi sankaopa zachabe. Munthu uja anakhala kundende ya Mikuyu zaka 3 ndi miyezi 7, mlandu osamuuza, kukhoti osapita naye. Ndakatulo zambiri ankazisunga m'mutu. Anatuluka mu May 1991, kenako anasamukira ku England ndi banja lake, ku York. Za m'ndendemo anazilemba mu And Crocodiles Are Hungry at Night, la 2011. Limenelo si la ndakatulo, ndi mbiri ya zimene anaona.

Tsopano ku funso lako lenileni, lija sunalifunse. Mapanje anabadwa 1944, ku Mangochi. Werengera wekha, paja masamu unkatiposa tonse. Zaka 37. Buku loyamba linatuluka ali ndi zaka 37, ali kale pantchito yophunzitsa ku Chancellor College, malipiro akulandira kumeneko, osati ku ndakatulo. Iwe 37 sunafike n'komwe. Sunachedwe, msuweni.

Koma imva ichi, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Zaka za m'mbuyomo sanali kulembera matiresi ayi. Kuyambira 1970 anali mu Writers Group ya pakoleji paja, iye anali mmodzi mwa oiyambitsa. Ankakumana, wina n'kuwerenga chimene walemba, anzake n'kuchisenda pamaso pake pomwepo, apa pafooka, apa wabisa bwino, apa akumanga. Kulankhula kophiphiritsa kuja, kwa abirimankhwe ndi nthano za makolo, anakunolera pamaso pa anzake. Ndiye buku la 1981 silinagwe kumwamba.

Choncho zaka usadandaule nazo, ayi. Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'choti palibe munthu ngakhale mmodzi amene anamvapo ndakatulo yako. Ngakhale mlamu wathu, ndinamufunsa pa maliro paja, akuti amangoona nyali ikuyaka usiku.

Ndanena, nthawi ilipo, koma peza anthu. Atatu, anayi, oti akuuze zoona osakunyengerera. Ntchito usasiye, wamva? Yamba ndi ine. Unditumizire ziwiri kumbali, osati pagulu pano, kuno kuli anthu oseka asanamve n'komwe. Mpatse moni mlamu ndi ana.