Tikupita kukagona m'phiri la sinowo ndi anzanga a kuntchito, ndikonzekere bwanji?

Funso: Ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito ku Denver, ku America. Anzanga a ku ofesi akonza zoti mu Januwale tikagone masiku awiri m'kanyumba ka m'phiri ka 10th Mountain, ndipo tikayenda pa ski ndi gaidi. Ine ski ndinangoyesapo kangapo kumalo komwe makina amakukwezani pamwamba inu n'kumangotsetsereka. Abwana anga nawonso akupita, ndiye sindikufuna kukachita manyazi. Nditani? Ndine mayi wa ku Denver.

Yankho: Mayi, ski imene mwazolowerayo ndi yotsika yokha. Ya ulendo uno, mbali yaikulu ndi kukwera ndi miyendo yanu, chikwama chili kumsana. Ngati munagonapo ku Chambe kapena ku Lichenya pa Mulanje, chithunzi muli nacho kale, kungoti kuno kulibe wokunyamulirani katundu. Tinyumba ta 10th Mountain tili m'mapiri a ku Colorado, pakati pa matauni a Aspen, Vail ndi Leadville, ndipo tambiri tili pamwamba kuposa Sapitwa, yemwe ndi mamita 3,002. Dzinalo linachokera ku gulu la asilikali a America amene ankaphunzira nkhondo ya m'mapiri ku Camp Hale pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Mumufunse gaidi mtunda wake ndi mamita amene mukakwere, kenako muwerengetse nokha. Tengani makilomita, muphatikize ndi mamita okwera mutawagawa ndi 100, zonsezo mugawe ndi 4. Makilomita 10 ndi mamita 600 ndiye kuti 10 kuphatikiza 6, kugawa ndi 4, maola anayi. Amenewo ndi a anthu ozolowera. Gulu la ku ofesi liziyembekeza maola asanu ndi limodzi, ndipo mu Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko. Mukanyamuka pamalo oimika magalimoto nthawi ya nkhomaliro, mukafika ndi tochi.

Ski zokwerera zimasiyana ndi zimene mukuzidziwa. Chidendene chimamasuka pokwera, n'kuchimanganso potsika. Kunsi kwake mumamata nsalu yaubweya yotchedwa skin, imene imalola ski kupita kutsogolo koma osabwerera m'mbuyo. Musamanyamule phazi ngati mukuponda m'matope, muzikhwekhwereza ski pansi, apo ayi ntchafu zitha mphamvu ola loyamba lisanakwane. Guluu wa skin akalowa sinowo samatanso, choncho mukaimatula muziipinda ndi kuisunga m'kati mwa jekete kuti izimva kutentha kwa thupi.

Koma chimene chimaononga maulendo ambiri oyamba ndi nsapato. Ngati mukubwereka, musazitenge dzulo lake la ulendo. Zitengeni sabata ziwiri usanafike, mukakwere nazo kamodzi kapena kawiri pamalo a ski amene amalola anthu kukwera ndi skin. Valani sokosi imodzi yopyapyala yaubweya, chifukwa ziwiri zimakhuzana n'kutulutsa matuza. Matani tepi pazidendene musanayambe kuyenda. Mukamva pena pake pakutentha ngati pakhudza moto, imitsani gulu pomwepo. Kumata tepi ndi mphindi zisanu, koma thuza likaphulika pa kilomita yachitatu mukhala nalo ulendo wonse.

Pa zovala, thonje lisiyeni kunyumba chifukwa limasunga thukuta, ndipo mukangoima kuti mupume thukutalo limasanduka chisanu pathupi. Muyambe kuyenda mukumva kuzizira pang'ono, jekete lokhuthala likhale pamwamba m'chikwama, muzilivala mukaima. Magalasi akuda musawaiwale. Sinowo amabweza kuwala kwa dzuwa, maso amapsa, ndipo khungu lakuda nalonso limapsa pamwamba potero.

Funso: Nanga avalanche, kugumuka kwa sinowo m'phiri? Ndikuiopa.

Yankho: Muziiopadi. Sinowo amagumuka kawirikawiri pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, ndipo ntchito ya gaidi ndi kukudutsitsani kutali ndi malo otero, ngakhalenso kunsi kwake. Bungwe la Colorado Avalanche Information Center limalengeza tsiku lililonse kukula kwa ngoziyi, kuyambira pa 1 mpaka 5. Muziwerenga nokha masiku angapo ulendo usanafike.

Aliyense ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: beacon (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro kuti wokwiririka apezeke), ndodo yopinda yofufuzira munthu pansi pa sinowo, ndi fosholo yachitsulo. Beacon imavalidwa pathupi m'kati mwa jekete, osati m'chikwama, pakuti chikwama chitha kuchoka. Foni ikhale masentimita 20 kapena kuposerapo kutali nayo chifukwa imasokoneza. Munthu akakwiririka, mwayi wopulumuka umatsika msanga pakadutsa mphindi 15, ndiye omupulumutsa ndi anzake omwe ali pompo. Gaidi amene sayesa beacon ya aliyense musanachoke pagalimoto, ndiponso sakuphunzitsani kufufuza, ife sitingapite naye. Mumufunsenso ngati ali ndi maphunziro a AMGA (bungwe la agaidi a m'mapiri ku America) ndi a avalanche. Gaidi weniweni sakwiya ndi funso lotero.

Funso: M'kanyumbamo muli chiyani, ine nditenge chiyani?

Yankho: Mumapeza mbaula ya nkhuni, chitofu cha gasi, mapoto, mbale, matiresi ndi magetsi a dzuwa. Chimbudzi chili panja. Tinyumba tambiri timagona anthu 16, ndiye mwina mukhala ndi alendo ena, ndipo mkonono wa abwana mudzaudziwa. Tengani totseka m'makutu, sleeping bag (thumba logonamo), tochi yovala kumutu, ndi patapata kapena nsapato zofewa za m'nyumba. Chikwama chisapitirire makilogalamu 12 mpaka 14.

Madzi ndi sinowo wosungunula. Muziyamba mwathira timadzi pang'ono pansi pa poto, chifukwa sinowo wouma pa moto amapsereza poto, madzi n'kumanunkha utsi. Ndowa yodzadza ndi sinowo imatulutsa madzi ochepa modabwitsa, ndiye ntchito yotunga siitha, muzilandirana. Sinowo wakumwa amatengedwa mbali imene inaikidwa, kutali ndi chimbudzi, ndipo n'chifukwa chake agalu saloledwa. Madziwo muziwiritsa kapena kusefa. Panjira botolo lokamwa kwakukulu muziliika chozondoka, popeza madzi amayamba kuundana pamwamba. Madzi a m'kapaipi ka thumba lamadzi amaundana msanga.

Ngati mukufuna kuwadabwitsa ndi nsima, ufa ndi wosavuta kunyamula. Dziwani kuti pa mamita 3,400 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 89, choncho phala mulisiye libwate nthawi yaitali musanathire ufa wina. Nyemba zouma musayese n'komwe. Pochoka, zinyalala zonse mumatenga, mumasesa, ndi kuwazira nkhuni amene akubwera pambuyo panu.

Tsopano za manyazi mwatchula zija. Denver ali pa mamita 1,600, kanyumbako kali kawiri kuposa pamenepo, ndipo matenda a pamwamba, obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, sasankha wamphamvu. Mutu kuwawa, nseru ndi kusowa tulo zimachitika, ndipo mowa umaziwonjezera, ndiye usiku woyamba vinyo adikire. Ngati n'kotheka mugone usiku umodzi m'tauni ya m'mapiri ngati Frisco kapena Leadville musanakwere, ndipo mufunse dokotala za mankhwala a acetazolamide, othandiza kupewa matendawa. Munthu akayamba kubanika atangokhala pansi, kutsokomola mosalekeza kapena kuyenda dzandidzandi, ayenera kutsitsidwa nthawi yomweyo, osadikira kuche.

Vuto la gulu la kuntchito ndi lakuti aliyense amabisa. Wina zala zafa dzanzi koma ali chete chifukwa abwana ali patsogolo. Musanapite, mulembere gaidi panokha, mumuuze kuti mwatsetserekapo kangati, pamalo ovuta motani, ndi matenda alionse amene muli nawo. Pemphani kuti muziyenda kumbuyo kwake kwenikweni. Pamenepo njira imakhala yopondedwa kale, liwiro la gulu lonse limatengera inuyo, ndipo chidendene chikayamba kutentha mungomuuza chapansipansi.